Injini pa Wilibala

M'mawa uliwonse, madzi a tiyi asanawire, a Sipanala ankatuluka ndi kiyi m'manja kupita kuseri kwa nyumba komwe kunali galimoto yawo. Ankavundukula lona, kutsegula boneti, kusuzumira oyilo ndi madzi, kenaka n'kuiliza. Ankaima pambali manja ali kumbuyo, mutu atapendeketsa ngati kholo lomvetsera kapumidwe ka mwana ali m'tulo. Injini ikatentha ankaizimitsa, kuphimbanso lona, n'kupita kukamwa tiyi wawo. Galimotoyo inali yaing'ono, yobiriwira motuwa, yakale kuposa alendi ambiri a pabwalopo, koma inkalira mosalala moti telala wa chipinda choyamba ankati makina ake amachita nayo nsanje.

Vuto linali lakuti galimotoyo inalibe potulukira.

Zinayamba chaka chimene akazi awo anamwalira. Maliro atatha, mwana wawo wamkazi anawatenga kuti akakhale kaye kwa iye, asamangoyang'ana mpando wopanda munthu. Anakhalako miyezi ingapo, akudya chimene apatsidwa, akugona nthawi imene auzidwa. Pobwerera anapeza pamene panali geti pali mdadada wa zipinda zalendi, kuchokera kumpanda uku mpaka pafupi ndi mpanda uko. Kumapeto anangosiyako kampata koti munthu n'kudutsa ndi ndowa, awiri akakumana wina apendekeke. Galimoto inatsalira m'kati.

"Musadandaule, agogo," anatero mayi mwini nyumba tsiku limenelo. "Amisiri akangomaliza izi, tiboola geti kumpanda wakumbuyo."

A Sipanala anagwedeza mutu, osafunsanso. Zaka zonse zimene anagwira ntchito m'galaja ya mabasi, ntchito yawo inkathera pamene injini yalira bwino. Kutulutsa basi pageti inali nkhani ya madalaivala. Iwo ankangopukuta m'manja n'kutembenukira basi ina. Choncho anapitiriza kusamala chimene ankadziwa kusamala, kwinaku kuseri kwa mpanda wakumbuyo oyandikana nawo akukumba maziko, akukweza njerwa, akukhoma malata. Phokoso lonselo analimva ali chiweramire mu boneti.

Lamlungu lililonse masana ankakwera minibasi kupita mbali ina ya tauni kukaona alamu awo, mlongo wa malemu akazi awo. Anthu ankawatchula a Wailesi, chifukwa akayamba kuyankhula panalibe batani lozimitsira. Anali mphunzitsi wopuma. Shuga anali atawadya maso, miyendo nayo ikuyamba kukana. Awiriwa anawedza limodzi kuyambira ali anyamata, m'mitsinje ndi m'madamu onse ozungulira tauni, osati chifukwa cha njala koma chifukwa wina ankakonda kuyankhula pafupi ndi madzi, wina ankakonda kukhala chete pafupi ndi madzi. Malo amodzi okha ndi amene anali asanafikeko: mtsinje waukulu wa kummwera, kumunsi kwa damu, kumene ankati milamba yake imanyamulidwa pamapewa a anthu awiri. Ulendowo anaukonza ali ndi tsitsi lakuda, n'kuukonzabe mpaka imvi.

Lamlungu lina a Wailesi sanadikire ngakhale kuti mlendo akhale pansi.

"Alamu, mwamva? Mnyamata wanga uja akuti mvula ikangogwa akubwera kudzandinyamula. Ndikakhale naye kumpoto, m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni pamene ngakhale nyerere sifika. Akuti ndikaziyang'aniridwa. Ine, ngati mkaka pamoto! Ndiye ulendo wathu uja ndi uno. Tikaphonya uno, tidzawedzera kumwamba kwenikweni, kwa mlongo wanga."

"Mm."

"Musandipatse mm wanuyo. Galimoto ili bwino?"

"Ikulira bwino," anatero a Sipanala. Silinali bodza.

"Zokwera basi ndiye musazitchule n'komwe. Chikhodzodzo changa chasanduka sefa. Ndikati ndikufuna kutsika ndiye kuti ndafuna kale. Ndi dalaivala uti angaimire nkhalamba pamtengo uliwonse? Koma inu muima, chifukwa mukapanda kuima wochapa mpando ndinu."

Anaseka okha mpaka kutsokomola, kenaka anayamba kuyala msewu wonse patebulo ndi zala. Anyamuke kusanatenthe. Akadutsa mlatho wopapatiza, umene magalimoto amadikirana, athire mafuta ngakhale thanki isanafike pakati, chifukwa kutsogolo kulibe malo ena othira. Chikweza chachitali achikwere m'mawa injini isanawire. Akagone pakatauni ka njanji, koma osati nyumba yogona alendo ya pafupi ndi siteshoni, chifukwa nsikidzi zake zimalandira alendo pakhomo. Phula likatha akhotere kumanzere, atsate mawaya a magetsi mpaka kudamu.

"Munapitako liti?" anafunsa a Sipanala.

"Sindinapiteko. Koma ndafunsa, alamu. Madalaivala onse a malole amandithawa. Safunsa anadya phula."

A Sipanala anayang'ana m'kapu mwawo.

"Nyongolotsi muyambiretu kukumba. Osati zonenepa za pakhola, zimafa dzuwa likangoziona. Zofiira zija za pansi pa nthochi. Muziike m'chitini cha dothi lonyowa, muziwazamo masamba a tiyi. Za mlamba musavutike nazo, chiwindi cha nkhuku chogona n'chokwanira. Mlamba amadya ndi mphuno, saona kanthu, ndi mnzanga ameneyo. Koma makumba ndi amanyazi. Chithunzithunzi chanu chikangogwera pamadzi, longedzani muzipita kwanu. Ndiye inu ndi msinkhu wanuwo mukakhale pansi, kuseri kwa bango. Mwamva?"

"Ndamva."

"Ndipo mbedza zing'onozing'ono. Inu vuto lanu mumakonda mbedza ngati zopachikira nyama kubutchala."

Pobwerera, a Sipanala anatsika minibasi patali n'kuyenda wapansi. Atafika pakampata anaima. Anadutsapo tsiku ndi tsiku kwa zaka, koma tsiku limenelo mapewa awo anamva makoma onse awiri.

Chipinda chawo chinali ndi zenera limodzi, ndipo chimangireni zipinda zija, zeneralo linkayang'ana khoma losapaka. Dzuwa linkalowamo masana okha, kanthawi kochepa, n'kugwera pa mwendo wa tebulo. M'menemo ndi m'mene anayambira kukonzekera, chifukwa kukonzekera ankakudziwa. Anasungunula mtovu wa m'mateyala akale pa supuni, n'kuumba timiyala tomizira chingwe. Anamanga mbedza zing'onozing'ono n'kuzibaya pa chitsekerero cha botolo. Anasema tinkhuni toyandama n'kutipaka utoto wofiira kumutu, kuti mwina maso a alamu awo n'kutiona. Chitini cha nyongolotsi anachiika pansi pa bedi, pozizira. Zonse zitatha panalibenso china chogwira, ndipo anavala jekete n'kupita kukagogoda kwa mwini nyumba.

Anawapeza pakhonde akupaka zikhadabo, phazi lili pa mpando wina.

"Mayi, geti ija."

"Geti iti, agogo?"

"Yakumbuyo."

Mayiwo anasiya kupaka n'kuwayang'ana, kenaka anaomba m'manja kamodzi.

"Iii, agogo! Lero? Kumbuyoko ndi kuchipinda chogona kwa anthu tsopano. Mukufuna mutulukire pabedi pa eni ake?"

"Munati."

"Ndinati, eya, sindikukana. Koma inu munakhala duu. Chaka chinatha, china chinatha. Ine ndinati mwina agogo aisandutsa chikumbutso cha amayi, tisawasokoneze. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, agogo."

"Chipinda cha telala. Ndigumule ngodya yokha. Ndimanganso ndekha."

"Ngodya imeneyo ndi imene yanyamula denga la mdadada wonse. Muigwetse, anthu agone akuwerenga nyenyezi? Nanga telala akasokere mumsewu mvula ili pafupi chonchi? Ayi, agogo, ndimakulemekezani, koma ayi. Itanani ogula zitsulo, aidule aitulutse zidutswazidutswa. Bwalo lipeze poyanika zovala."

A Sipanala anati zikomo n'kubwerera. Anatenga chingwe, kuyeza galimoto m'mimba mwake, n'kumanga mfundo. Anapita nacho pakampata. Chingwe chinatsala chikulendewera utali wa mkono wathunthu. Anachotsa magalasi oonera kumbuyo n'kuyezanso. Anayeza kuchokera pansi kufika padenga, poganiza zoigoneka chammbali. Sizinathandize. Anakweza maso kuti aone ngati galimoto yonyamula zolemera ingaikweze kudutsa pamwamba pa zipinda, koma pamwambapo panali mawaya a magetsi atalukana ngati chisa.

Anakaima pakhomo la telala, akuyang'ana khoma la m'ngodya kuyambira pansi mpaka kudenga. M'chipindamo munali makina, mulu wa mayunifolomu, ndi mphasa yopinda imene banja lonse linkagonapo.

"Agogo, mukuyang'ana khoma langa ngati wogula mbuzi," anatero telala, mapini ali kukamwa. "Lalakwa chiyani?"

"Palibe."

"Ngati ndi buluku lang'ambika bweretsani, musachite manyazi."

A Sipanala anachokapo. Lamlungu lotsatira sanapite kwa alamu awo. Anakhala pabedi atavala nsapato, akumva mawailesi a alendi kudzera m'khoma, wina akukazinga anyezi, mwana wa wina akulira. Lamlungu linanso sanapite. Kunja kunkatentha moti malata ankalira okha, ndipo masana mitambo inkasonkhana n'kubalalikanso.

Tsiku lina chakummawa, ali chiweramire mu boneti, anamva mawu amene sakanawasokoneza ndi a wina aliyense.

"Ndani anamanga khola la mbuzi pakhomo pa alamu anga? Iwe wanjinga, gwira chikwamacho bwino, muli mbedza, ukadzibaya sindikulipira chipatala!"

A Wailesi ankabwera m'kampata chammbali, ndodo ziwiri zowedzera zili paphewa, nsonga zake zikukhula makoma. Anavala chipewa chachikulu ndi nsapato za jombo. Wanjinga yamoto amene anawabweretsa anaika chikwama pansi n'kubwerera.

"Ndati mwina mwafa osandiuza. Inu mukhoza kutero. Ili kuti?"

Anatambasula dzanja, ndipo a Sipanala analigwira n'kuliika pa galimoto. A Wailesi anaisisita padenga, pachitseko, n'kumwetulira.

"Iyi ndiye. Mlongo wanga ankati inu munakwatira awiri, galimotoyi ndiye mkazi wamkulu, iye wamng'ono. Ndabweretseratu katundu, tiyeze ngati akwana. Ndodozi timanga padenga. Nanga geti munaisunthira mbali iti? Ine ndalowera pa una wa khoswe."

A Sipanala anatseka boneti pang'onopang'ono.

"Alamu? Geti?"

A Wailesi anatsamiritsa ndodo pagalimoto, n'kuyenda mpaka dzanja lawo litagunda mpanda. Anayamba kuutsata ndi chikhatho. Anadutsa pa mpopi, anadutsa pa bafa, anagunda mutu pa waya woyanikira zovala koma sanatukwane. Anatsata mpanda wonse wakumbuyo, akuima apa ndi apo kugogoda njerwa ndi zala. Anakhota pangodya, anadutsa zitseko za alendi chimodzichimodzi, amayi ochapa akuchotsa mabeseni m'njira mwawo. Anafika pakampata paja analowera. Anatambasula manja onse awiri, n'kugwira khoma uku ndi uku zigongono zili zopinda.

Anaima pamenepo nthawi yaitali. A Sipanala anali asanawaonepo alamu awo atakhala chete chotero, ngakhale pamaliro.

Kenaka anabwerera podutsa pakati pa bwalo, akufufuza ndi phazi, n'kutsegula chitseko cha kutsogolo, kukhala pa mpando wa wokwera.

"Lowani. Ilizeni."

A Sipanala analowa n'kuiliza. Kutsogolo kwawo, pafupi moti munthu akanatha kulavulirapo, panali khoma la bafa, ndere itamera m'munsi mwake.

"Ikuliradi bwino," anatero a Wailesi. "Zaka zonsezi mwakhala mukuweta nsomba m'botolo. Bwanji osandiuza?"

"Munafunsa ngati ili bwino."

"Ndinafunsa ngati ili bwino! Mumve munthu uyu. Mlongo wanga anapirira, Mulungu amulandire. Ine ndakhala ndikuzunza madalaivala a eni, kufunsa milatho, kufunsa nsikidzi, inu muli phee, mukumwa tiyi wanga."

"Anati aboola geti."

"Liti?"

A Sipanala anagwira chiwongolero ndi manja awiri. Utsi unayamba kudzadza bwalo, chifukwa unalibe kopita, ndipo mayi wina anakuwa kuti zovala za mwana wake zinunkha. Anazimitsa.

"Za hayala musaganize," anatero a Wailesi motsitsa mawu. "Ndinafunsa kale, kale, musanandilonjeze. Akangomva msewu wafumbi wa kudamu amaseka. Ndipo palibe wopereka galimoto yake kwa nkhalamba ziwiri, imodzi yakhungu, ina yosayankhula." Anatsegula chitseko n'kutsitsa miyendo umodziumodzi. "Ndodozi zikhale konkuno. Pamwamba paja ndikawedza chiyani, mbalame? Ndiperekezeni kumsewu."

Atawakweza pa njinga, a Sipanala sanabwerere kunyumba. Anayenda kutsika ndi msewu wa amakaniko, kumene anthu amawotcherera zitsulo m'mphepete mwa ngalande, mpaka anafika pa bwalo la magalimoto akufa. Mwini wake anali bambo wamimba, wamano otalikirana, amene onse ankamutchula Kadzimbiri. Ankadziwana kuyambira kale kugalaja ya mabasi, kumene Kadzimbiri ankabwera kudzatola zotayidwa.

"Madala! Mwabwera kudzadzigulitsa? Mafupa sitigula kuno."

A Sipanala anadutsa akuyang'ana mizere ya magalimoto opanda maso. Chakumapeto, pansi pa mtengo, panali ina yofanana ndi yawo, mtundu womwewo, chaka chomwecho. Inali yachikasu, chitseko chimodzi chofiira. Anatsegula boneti. Injini inali itauma, yong'aluka pambali. Anagwada n'kuyang'ana pansi. Anagwedeza mateyala, anaponda buleki, anasuntha giya.

"Mapepala ili nawo?"

"Onse. Mtima wokha ndi umene unaima. Ndafunafuna injini ya mtundu umenewu, ndatopa. Zinatha ndi eni ake."

"Ndibwereke."

Kadzimbiri anaseka mpaka mimba kugwedera.

"Mubwereke mtembo? Mukaulirire kwanu?"

"Injini ndili nayo. Ilibe potulukira. Ndiika umu, ndipita ulendo, ndibwera, ndichotsa."

Kadzimbiri anasiya kuseka. Injini ya a Sipanala ankaidziwa, monga ankaidziwira makaniko aliyense wa mumsewumo.

"Ayi, madala. Kuno si kotchola ndi kubweza. Mukaika mwaika. Pitani ulendo wanu, muchedwe m'mene mungafunire, sindikufunsani kanthu. Koma pobwera muimika pano, mundipatsa kiyi, mupita kwanu wapansi. Zonse zikhala zanga."

"Injini ndi yanga."

"Thupi ndi langa. Yanu ija muziiliza m'khola momwemo mpaka mudzafe, kenaka ana anu adzandiitana, ndidzaitenga ndi nyundo. Ine sindikuthamangira."

A Sipanala anatseka boneti yachikasu n'kuchokapo osatsanzika.

M'mawa mwake anavundukula lona monga mwa masiku onse. Anatsegula chitseko n'kukhala pa mpando wa dalaivala, kiyi ali m'manja. Pa mpando winawo panali pobooka pang'ono pamene akazi awo ankakonda kukanda ndi chala akamayang'ana kunja. Anaika kiyi, kuiliza, n'kumvetsera nthawi yaitali kuposa masiku onse. Atazimitsa anatenga beseni, n'kuliika pansi pa injini, n'kumasula bawuti ya oyilo.

Ntchitoyo inawatengera masiku. Anabwereka mitengo itatu kwa omanga nyumba n'kuimanga pamwamba ngati miyendo ya mphika, n'kupachikapo tcheni chokwezera chimene Kadzimbiri anatumiza mosachedwa. Anamasula mapaipi, mawaya, rediyeta, chilichonse n'kuchiika pa lona mwa dongosolo lake. Zala zawo sizinalinso zija za kale. Sipanala inkawapulumuka, ndipo akagona pansi pa galimoto kudzuka kunkafuna kukambirana ndi msana. Alendi ankadutsa ndi ndowa zawo akulambalala zitsulo.

"Agogo, mwaganiza zoipha?" anafunsa mwini nyumba ali pakhonde. "Mwachita bwino. Kungoti oyiloyo asadonthere pasimenti panga."

Injini itakwera m'mwamba n'kulendewera pa tcheni, yakuda, ikudontha, bwalo lonse linatuluka kudzaona. Anaitsitsira pa wilibala yoyalidwa teyala lakale. Wilibala inalira, mwendo wake umodzi n'kupindika pang'ono. A Sipanala anagwira zogwirira, kukweza, koma sinasunthe. Anayesanso, mitsempha ya m'khosi itatuluka.

Makina a telala anasiya kulira. Anatuluka tepi ili m'khosi.

"Agogo, mukufuna tikuikeni inu pa wilibala? Chokani apo. Inu mutsogole, muzindiuza."

Anakankha mpaka pakampata. Teyala la wilibala linalowa, injini inalowa theka, n'kugwira. Mbali ina chitsulo cha utsi chinaluma khoma, mbali inayo dainamo inakanirira pa njerwa. Kutsogolo sinkapita, kumbuyo sinkabwerera. A Sipanala anali kunja kwa injini, chakumsewu, telala ali m'kati, ndipo kampata konse kanatsekeka. Mayi wina wochokera kumsika anaima kumbuyo kwa a Sipanala ndi dengu pamutu. Mwamuna wina wa m'kati, atavala tayi, ankachedwa kuntchito.

"Tsopano tonse tasanduka galimoto yanu, agogo!" anakuwa wa tayiyo. "Tiziliziratu m'mawa uliwonse?"

"Kankhani ndi mphamvu!" anatero wina.

"Osakankha," anatero a Sipanala. "Sipanala yaing'ono. Ili pa lona, kumanzere."

Inadutsa m'manja mwa anthu mpaka telala anawapatsira pamwamba pa injini. Anagwada m'kampatamo, phewa litakanikizika kukhoma, n'kulowetsa dzanja pampata umene munthu sakanaona ndi maso. Anamasula mofufuza, pang'onopang'ono, khungu la pa mfundo za zala likutsalira pa njerwa. Anthu anatopa kudandaula n'kuyamba kungoonerera. Dainamo itachoka anaipereka kwa mayi wa dengu uja kuti awagwirire.

"Tsopano. Pendeketsani kumanja. Pang'ono."

Chitsulo chinakhula khoma, simenti inagwa ngati ufa, wilibala n'kutulukira mumsewu. Telala anakhala pansi m'mphepete mwa ngalande akupuma mwa wefuwefu.

"Mzere umenewo pakhoma mukafotokoze nokha kwa mayi aja," anatero.

Batire, rediyeta ndi mateyala zinatsatira pambuyo. Kwa Kadzimbiri anagwirako ntchito kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, tsiku ndi tsiku, pansi pa mtengo uja. Madzulo akabwerera kwawo ankapeza galimoto yobiriwira itakhala pa njerwa, kukamwa kuli yasa, ndipo ankaiphimba lona osayang'ana m'kati. Tsiku limene yachikasu inalira, Kadzimbiri anavula chipewa n'kuizungulira kawiri, akumwetulira ngati munthu amene wapeza mkazi.

"Muyende bwino, madala. Muisamale galimoto yanga."

A Sipanala anafika kwa a Wailesi kukucha, ndodo zitamangidwa kale padenga, chitini cha nyongolotsi chili kumbuyo pamodzi ndi chigubu cha madzi. Sanalize hutala. Anangoima pakhomo injini ikulira. Patapita kanthawi chitseko chinatseguka, a Wailesi n'kutuluka atavala malaya ogonera, mutu atapendeketsa. Kumbuyo kwawo, m'chipinda chochezera, munali makatoni omangidwa kale ndi zingwe, oyembekeza ulendo wa kumpoto.

"Mawu awa ndikuwadziwa," anatero. "Alamu? Mwagwetsa nyumba ya eni?"

"Valani."

Sanachedwe. Anatuluka ndi chipewa chija, jombo zili m'manja, thumba la mankhwala lili m'khosi. Anafufuza chitseko, n'kuchikoka, koma chinakana mpaka a Sipanala atachimenya ndi chibakera cham'kati. Atakhala pansi anasisita mpando, anasisita kutsogolo, ananunkhiza.

"Muno mukununkha nkhuku. Mpando uwu si wa mlongo wanga."

"Ayi."

"Yanu ija ili kuti?"

"Ilipo."

"Nanga iyi?"

"Ya Kadzimbiri."

"Kadzimbiri wa zitsulo? Amene uja sapereka ngakhale moni waulere. Mwamupatsa chiyani?"

A Sipanala anakonza galasi loonera kumbuyo.

"Alamu, ndikufunsa. Tikabwerako, injiniyi ibwerera kwanu?"

"Ayi."

A Wailesi anavula chipewa n'kuchiika pamaondo.

"Ayi, ayi, ayi. Zimitsani. Bwererani mukamuuze kuti mwasintha maganizo. Ine ndikupita kumpoto, nsomba ndidye ndisadye. Inu mutsala kuno. M'mawa muzidzukira chiyani? Muziliza chiyani, telala? Chifukwa cha milamba imene mwina kulibe n'komwe! Madalaivala ndi abodza, alamu, ine ndimawadziwa. Mwina kumeneko kuli achule okhaokha. Mukundimva?"

"Ndamva."

"Ndiye zimitsani."

A Sipanala anaweramira mbali ya alamu awo, n'kutenga chingwe chimene chinali pansi pa mpando, kuchikulunga pa chogwirira cha chitseko chofiira, n'kuwapatsa nsonga yake m'manja.

"Gwirani ichi. Chimatseguka chokha pokhota."

Analowetsa giya. Galimoto inanjenjemera, n'kuyamba kuyenda, ndodo zikugogoda padenga. A Wailesi anapitiriza kukana mpaka pa mphambano yoyamba, akutchula mlongo wawo, akutchula uchitsiru wa amakaniko onse a padziko. Pokhotera kummwera chitseko chinakoka chingwe, iwo n'kuchigwira ndi manja awiri, kutukwana Kadzimbiri ndi makolo ake. Msewu utawongoka anapuma, n'kuvalanso chipewa.

"Mukuthamanga kwambiri," anatero. "Ndipo chiwindi cha nkhuku mwaiwala, ndikudziwa. Muime pamsika wa kutsogoloku."